Nyongolotsi ya m'dothi ndi ya m'mimba si pachibale

Nyongolotsi imene khasu limafukula m'dothi lonyowa ndi ija imene mwana amatulutsa akamwa mankhwala a njoka zam'mimba zimaoneka ngati za bere limodzi. Zonse n'zazitali, zofewa, zopanda miyendo ndi mafupa, ndipo anthu ambiri amanyansidwa nazo mofanana. Koma akatswiri a zamoyo atafufuza chibadwa chake anapeza kuti ya m'dothi ija ili pafupi ndi nkhono, pamene ya m'mimba abale ake ndi ntchentche, nkhanu ndi kangaude. Makolo a ziwirizi anasiyana njira zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo.

Chisokonezochi n'chakale. Mu 1758, Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakhazikitsa kachitidwe kopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini, anagawa nyama zonse m'magulu asanu ndi limodzi. Panali zoyamwitsa, mbalame, gulu la achule ndi abuluzi, nsomba, tizilombo tamiyendo, kenako gulu lomaliza limene analitcha Vermes. M'gulu limeneli anangounjikamo chilichonse chofewa chimene chinasowa malo kwina, nkhono ndi zamoyo zambiri zam'nyanja momwemo. Jean-Baptiste Lamarck wa ku France ndiye anayamba kumasula mtolowu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi iye amene anapatula nyongolotsi zamfundomfundo n'kuzipatsa gulu lakelake.

Zamoyo zosiyana chonchi zimafanana thupi pa chifukwa chosavuta kumva. Thupi lalitali, lowonda, lopanda chotulukira m'mbali, limathandiza chilichonse chimene moyo wake ndi wodutsa pothina: m'dothi, m'matope, mumchenga, m'matumbo, mumtsempha. Mitundu yambiri inafika pa thupi lotere payokhapayokha. Ngakhale ana a tizilombo touluka amayamba choncho. Mbozi ndi mwana wa gulugufe, ndipo mukaiyang'anitsitsa mupeza mutu wolimba ndi miyendo isanu ndi umodzi kutsogolo. Mphutsi zambiri ndi ana a ntchentche. Zimenezo tizisiye pambali.

Zotsalazo zambiri zimagwera m'magulu akuluakulu atatu, ndipo kuti muone kusiyana kwake muyenera kudula thupi pakati n'kuyang'ana podulapo. Nyongolotsi yafulati, ya gulu la Platyhelminthes, ndi yodzaza. Pakati pa khungu ndi matumbo palibe mphako, pali mnofu wokhawokha. Yobulungira, ya gulu la Nematoda, ili ndi mphako yodzaza madzi imene matumbo amadutsamo kuchokera kukamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Yamfundomfundo, ya gulu la Annelida, ilinso ndi mphako, koma yake ndi yokutidwa bwino mbali zonse, yogawidwa m'tizipinda totsatizana, ndipo muli mitsempha yeniyeni ya magazi. Pafupifupi china chilichonse, kayendedwe, kapumidwe, kukula kwa thupi, chimachokera pamenepa.

Zafulati zilibe mapapo, zilibe mitsempha ya magazi. Mpweya umangolowa pakhungu n'kufalikira wokha, ndipo sufika patali, kotero selo lililonse, kutanthauza kachidutswa kakang'ono kwambiri komangira thupi, liyenera kukhala pafupi ndi kunja. Thupi lotere lingatalike kapena kutambasuka m'mbali, koma silinganenepe. Mitundu yake yodziwika ndi yoposa 20,000, ndipo yambiri imakhala m'matupi mwa nyama zina.

Imene imadziyendera yokha m'madzi abwino, pansi pa miyala, ndi planaria. Ndi kakang'ono, kali ndi timadontho tiwiri kumutu tozindikirira kuwala, ndipo kamwa lake lili pamimba, chapakati pa thupi. Chibowo chake ndi chimodzi chokhacho, cholowera chakudya n'chotulukiranso zotsala. Chimene chimatchukitsa kanyamaka ndi kuphukanso. Mukakadula patatu, mupeza tinyama titatu tathunthu pakapita masabata ochepa, chidutswa cha kumchira chitamera mutu ndi ubongo womwe. Thomas Hunt Morgan, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anapeza kuti kachidutswa kochepa ngati gawo limodzi mwa magawo 279 a thupi kamatha kumanganso nyama yonse. Chinsinsi chake ndi maselo osakhwima amene ali paliponse m'thupimo, okonzeka kusanduka chiwalo chilichonse chimene chasowa.

Abale ake amene anasankha moyo wodyera ena ndiwo timawadziwa kudzera m'matenda. Likodzo limayambitsidwa ndi nyongolotsi yafulati yotchedwa Schistosoma, imene dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaiona koyamba ku Cairo mu 1851. Ulendo wake ndi wozungulira. Mazira amatuluka mumkodzo kapena m'chimbudzi, amaswa akafika m'madzi abwino, tiana take timalowa mu nkhono n'kuchulukana momwemo, kenako timatuluka mazanamazana n'kuboola khungu la munthu amene akusamba kapena kuwoloka. Zikakula zimakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo, ndipo zimakhala zaka. Zafulati zambiri zimakhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi m'thupi limodzi, koma iyi ayi: yaimuna ili ndi ngalande m'litali mwa thupi lake, ndipo yaikazi, yowonda, imakhala m'ngalandemo. Chodwalitsa kwenikweni si nyongolotsi zikuluzikuluzo. Ndi mazira amene amakodwa m'khoma la chikhodzodzo kapena m'chiwindi, thupi n'kumalimbana nawo mpaka kupanga zipsera. Magazi a mumkodzo amachokera pamenepo.

Ndiye pali zija zazitali zam'matumbo za mtundu wa Taenia, zimene zinataya ngakhale kamwa ndi matumbo omwe. Zingavutikirenji kugaya chakudya pamene zikusambira m'chakudya chogayidwa kale? Zimangoyamwa ndi khungu. Kumutu kuli timakapu tinayi togwirira khoma la matumbo, ndipo kumbuyo kwake kumaphuka tizigawo tatsopano tsiku ndi tsiku. Kagawo kalikonse kali ndi ziwalo zoberekera zakezake, kakakhwima kamadzaza mazira n'kuduka. Tizigawoti tisakupusitseni, si mfundo ngati za nyongolotsi ya m'dothi. Ya ku nyama ya ng'ombe imatha kufika mamita 10. Ya ku nyama ya nkhumba ndi yaifupiko, koma ndiyo yoopsa, chifukwa munthu akameza mazira ake, tiana take timatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'madera amene nyongolotsiyi ndi yofala, pafupifupi 30 peresenti ya odwala khunyu vuto lawo limachokera pamenepa.

Gulu la zobulungira ndi limene ndimaona kuti anthu timalipeputsa koposa. Sizikongola, ndipo kungoziona zonse zimafanana: ulusi wosalala, wosongoka mbali zonse ziwiri, wopanda mfundo. Thupi lake lili ngati chubu cha njinga chopopedwa kwambiri, khungu lolimba kunja ndi madzi opanikizika mkati, ndipo kupanikizikako ndiko kumagwira ntchito ya mafupa. Minofu yake yonse imayenda m'litali, palibe wozungulira thupi. Choncho nyongolotsi yobulungira singathe kudzitalikitsa n'kudzifupikitsa. Imangopindika uku ndi uko, kudzikwapula. Mukaona kanyongolotsi pa maikulosikopu kakuphiriphitha chotero popanda kupita patali, dziwani kuti ndi ka gulu limeneli.

Khungu lolimbalo silikula, ndiye imalifundula kanayi isanafike pa msinkhu. Kufundulaku ndiko kunali chizindikiro chachikulu cha ubale wake. Mu 1997 akatswiri atayerekeza DNA ya nyama zosiyanasiyana, imene imasunga malangizo a chibadwa m'maselo, anaika zobulungira pamodzi ndi tizilombo tamiyendo, nkhanu ndi akangaude m'gulu limodzi lalikulu la nyama zofundula, lotchedwa Ecdysozoa. Poyamba ambiri anakana, chifukwa kwa zaka zambirimbiri mabuku ankaphunzitsa kuti tizilombo tamiyendo ndi abale a nyongolotsi zamfundomfundo, poti zonse zili ndi thupi logawikagawika. Kafukufuku wotsatira anatsimikizira kuti mfundo za thupizo zinanamiza anthu.

Kuchuluka kwake n'kovuta kukukhulupirira. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2019 anawerengera kuti m'dothi lapamwamba la dziko lonse muli nyongolotsi zobulungira pafupifupi 57 biliyoni pa munthu mmodzi aliyense. Zili pansi pa nyanja, zili m'zigwa zouma za ku Antarctica, ndipo mu 2011 kunalengezedwa mtundu wina, Halicephalobus mephisto, umene unapezeka m'madzi a m'ming'alu ya miyala mumgodi wa golide ku South Africa, pa mtunda woposa kilomita imodzi pansi pa nthaka. Zambiri sizifika ngakhale milimita imodzi kapena ziwiri, ngakhale kuti pali ina yokhala m'thupi mwa anangumi imene imafika mamita 8. Unyinji wake sulowa m'thupi mwa munthu kapena chiweto. Umangodya mabakiteriya ndi nkhungu m'dothi, n'kumamasula chakudya chimene mizu imayamwa. Komabe mlimi amene anazulapo mbewu yofota n'kupeza mizu yatupa timfundo tambirimbiri anakumana kale ndi Meloidogyne, imene imalowa mumuzu n'kuukakamiza kuti uzidyetsa iyoyo.

Zochepa zimene zimalowa mwa ife zimavutitsa anthu ochuluka. WHO imati anthu pafupifupi 1.5 biliyoni ali ndi nyongolotsi zofalikira kudzera m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi. Yaikulu pa zonse ndi Ascaris, imene yaikazi imafika masentimita 35 ndipo imaikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Njira yake imandizunguza mutu nthawi zonse. Dzira limaswa m'matumbo, malo amene nyongolotsiyo idzakhale ikakula. Koma m'malo mokhazikika, kamwanako kamaboola khoma, kamatengedwa ndi magazi kudzera m'chiwindi mpaka m'mapapo, kamakwera kukhosi, munthu n'kukamezanso, n'kubwerera m'matumbo momwe kanachokera. Ina imalowera kuphazi kwa woyenda wopanda nsapato, imakaluma khoma la matumbo n'kumayamwa magazi, mwana n'kumaoneka wotuwa ndi wofooka popanda chifukwa chooneka. Palinso kaulusi koyera kamene kamatuluka usiku kukaikira mazira kunja kwa njira ya chimbudzi, n'chifukwa chake ana amakanda kumeneko akagona. Zina zimabwera ndi udzudzu n'kutseka njira za madzi a m'thupi mpaka miyendo kutupa. Zina zimabwera ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga n'kuchititsa khungu.

Imodzi mwa izo yatsala pang'ono kutha pa dziko. Dracunculus, imene imalowa munthu akamwa madzi okhala ndi tizilombo tating'ono toinyamula, imakula pafupifupi chaka m'thupi kenako n'kutulukira pakhungu, kawirikawiri kumwendo, ndipo amaichotsa poikulunga pa kamtengo pang'onopang'ono kwa masiku kapena masabata. Mu 1986 odwala anali pafupifupi 3.5 miliyoni. Mu 2022 anapezeka 13 okha. Zimenezi zinatheka popanda katemera kapena mankhwala ochiza matendawa. Anthu ankasefa madzi akumwa ndi kuletsa wodwala kuviika bala lake pamalo otungapo madzi, pa ntchito imene bungwe la Carter Center linatsogolera.

Gulu lomweli linapatsanso sayansi kanyama kamene kaphunziridwa mwina kuposa nyama ina iliyonse. Caenorhabditis elegans ndi kotalika milimita imodzi, koonekera mkati, ndipo kamakula m'masiku atatu. Sydney Brenner, wobadwira ku South Africa, anakasankha m'zaka za m'ma 1960 kuti afufuzire mmene thupi limadzimangira. Kali ndi maselo a thupi 959, mwa amenewa 302 ndi a minyewa yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo John Sulston anatsatira selo lililonse kuchokera pa dzira mpaka pamene limakathera. Apa m'pamene zinaoneka bwino kuti maselo ena amabadwa kuti adzafe pa nthawi yoikika, chinthu chimene chimachitikanso mwa ife ndipo chikasokonekera chimakhudzana ndi khansa. Brenner, Sulston ndi Robert Horvitz analandira mphoto ya Nobel mu 2002. Mu 1998 kanyama komweka kanakhala nyama yoyamba imene DNA yake yonse inawerengedwa.

Kusiyana kwa zafulati ndi zobulungira kumaonekera poyera pa mankhwala. Albendazole ndi mebendazole, amene ana amalandira pochotsa njoka zam'mimba, sachiza likodzo. Likodzo ndi Taenia ya m'matumbo zimafuna praziquantel, amene naye sachita kanthu kwa Ascaris. Ivermectin, wochokera ku bakiteriya wa m'dothi la ku Japan, amene anapezetsa Satoshi Ōmura ndi William Campbell mphoto ya Nobel mu 2015, amapha zobulungira zambiri, amaphanso nsabwe ndi tizilombo ta mphere, koma zafulati amazisiya. Munthu amene wamwa mankhwala a njoka zam'mimba n'kumaonabe magazi mumkodzo asaganize kuti mankhwalawo anali achinyengo, nyama imene ali nayo ndi ina.

Tikafika kwa zamfundomfundo timapeza thupi lomangidwa mwaluso kwambiri. Nyongolotsi ya m'dothi ili ndi minofu iwiri, wozungulira ndi wa m'litali, ndipo popeza kachipinda kalikonse kali ndi madzi akeake, mbali ina ya thupi imatha kuwonda n'kutalika pamene ina ikufupika n'kunenepa. Pa mfundo iliyonse pali timinga tating'ono togwirira dothi. Mukaisisita chakumimba kuchokera kumchira kupita kumutu mumva kukhakhala. Kutsogolo kumalowa, timinga timagwira, kumbuyo kumakokedwa. Magazi ake ndi ofiira, amayenda m'mitsempha yotsekeka, ndipo chakutsogolo kuli mitsempha ingapo yokhuthala imene imagunda n'kumawapopa. Mapapo ilibe, imapumira pakhungu, ndipo khungulo likauma imafa.

Chotupa chija chooneka ngati lamba chapafupi ndi mutu si chipsera cha pamene inadukapo. Ndi chizindikiro choti yakula. Nyongolotsi iliyonse ya m'dothi ili ndi ziwalo zonse ziwiri, koma mitundu yambiri imafunabe inzake. Ziwiri zimagundana mitu italoza kosiyana n'kupatsana mbewu, kenako chotupacho chimatulutsa kachikwa kamene kamatsetsereka kudzera kumutu katanyamula mazira. Zoti mukaidula pakati mupeza nyongolotsi ziwiri n'zabodza kwa mitundu yodziwika ya m'minda. Mbali ya kumutu imatha kumera mchira wina ngati yatsala yaitali mokwanira, koma ya kumchira kawirikawiri imafa. Luso limene anthu amaipatsa ndi la planaria.

Charles Darwin anazilemekeza nyama zimenezi kuposa anthu a m'nthawi yake. Buku lake lomaliza, la mu 1881, chaka chimodzi asanamwalire, linali la nyongolotsi za m'dothi. Anaziimbira mluzu ndi zitoliro kuti aone ngati zimamva, ndipo sizinalabadire, koma ataika mphika wake pamwamba pa piyano zinathawira pansi chifukwa cha kunjenjemera. Anayezanso mmene miyala yosiyidwa pamunda imamirira pang'onopang'ono chifukwa cha dothi limene nyongolotsi zimatulutsira pamwamba chaka ndi chaka. Anasonyeza kuti nthaka yachonde yadutsa kambirimbiri m'matumbo mwa nyama zimenezi. Zina ndi zikuluzikulu zedi: ya ku Gippsland ku Australia imafika mamita atatu.

Msundu nawo ndi wa gulu lomweli, ndipo ndi mbale wapafupi wa nyongolotsi ya m'dothi, kungoti unataya timinga n'kukhala ndi choyamwira kutsogolo ndi china kumbuyo. Si misundu yonse imayamwa magazi, ina imameza tizilombo tating'ono. Woyamwa magazi wodziwika kwambiri ali ndi nsagwada zitatu, ndipo malovu ake ali ndi mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa hirudin, n'chifukwa chake bala lake limakha magazi nthawi yaitali. Madokotala olumikiza chala kapena khutu loduka amaugwiritsabe ntchito kuchotsa magazi odzadzana pamene mitsempha yatsopano isanamere, ndipo ku America boma linauvomereza mu 2004 ngati chipangizo cha kuchipatala.

Kunja kwa magulu atatuwa kuli ena ang'onoang'ono ambiri. Limodzi ndi la Nemertea, zam'nyanja zooneka ngati zafulati koma zokhala ndi mitsempha ya magazi, kotulukira chimbudzi, ndi chitamba chachitali chimene zimaponya pogwira chakudya. Ina ya mtundu wa Lineus longissimus imene inakokolokera kugombe ku St Andrews ku Scotland mu 1864 akuti inali mamita 55, ngakhale kuti nyama yotanuka chotero ndi yosavuta kuikokomeza poyeza.

Zamfundomfundo zambiri sizikhala m'dothi n'komwe, zili m'nyanja. Zina zimasambira ndi tizipsepse ta m'mbali, zina zimadzimangira timachubu n'kumatulutsa nthenga zokongola zosefera chakudya. Mu 1977 akatswiri amene anatsika ndi sitima yapansi pamadzi yotchedwa Alvin pafupi ndi zilumba za Galápagos, m'nyanja ya Pacific, anapeza, pa mtunda wa mamita pafupifupi 2,500 pansi, akasupe a madzi otentha ozunguliridwa ndi machubu oyera aatali ngati munthu kapena kuposa, okhala ndi nsonga zofiira. Nyama ya mkatimo, Riftia, ikakula ilibe kamwa kapena matumbo. M'thupi mwake muli mabakiteriya ochuluka amene amapanga chakudya kuchokera ku mpweya wa sulufule wotuluka m'akasupewo, ndipo magazi ofiira a nyongolotsiyo ndiwo amawatengera mpweyawo pamodzi ndi okosijeni.

Abale a Riftia, owonda ngati ulusi, anali atadziwika kale, ndipo kwa zaka zambiri ankaikidwa m'gulu laokha chifukwa sankaoneka mfundo iliyonse. Ena ankawayesa abale akutali a nyama zamsana. Vuto linali pa kakoledwe. Maukonde okokedwa pansi pa nyanja ankadula mbali ya kumbuyo imene imazika m'matope, ndipo akatswiri ankangolandira nyama zoduka osadziwa. M'zaka za m'ma 1960 kunapezeka yathunthu, ndipo kumchira kwake kunali mfundo zooneka bwino zokhala ndi timinga. DNA inadzatsimikizira pambuyo pake, ndipo lero gulu lonselo ndi banja limodzi chabe, Siboglinidae, pakati pa nyongolotsi zamfundomfundo.